Kandeu ndi boma la Ntcheu: malo, chiwerengero cha anthu ndi ulimi

Kandeu ndi dera la kwa Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, ndipo ndi limodzi mwa madera asanu ndi awiri a zaulimi omwe ali m'bomali. Derali lili pakati pa mapiri ozizira a m'malire a dziko la Mozambique ndi chigwa chotentha cha Bwanje. Alimi ake amadalira mvula ya dzinja ndipo amalima chimanga, mtedza, soya, nyemba ndi fodya pa minda yomwe ikucheperachepera pamene anthu akuchuluka. Kaamba ka ichi, Kandeu ndi malo abwino oonerapo vuto lalikulu la boma lonse la Ntcheu, lomwe ndi kudyetsa anthu ambiri kuchokera m'nthaka yomwe ikuguga.

Kumene bomali lili

Boma la Ntcheu lili kumapeto kwenikweni kwa chigawo chapakati, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 3,424. Kumpoto lidachita malire ndi boma la Dedza, kumpoto chakummawa kuli Mangochi, kummawa kuli Balaka, kummwera kuli Neno, pamene mbali yonse ya kumadzulo kuli chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique. Likulu la bomali lili pa msewu wa M1, pafupifupi pakatikati pa mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre.

Kuchokera ku Dedza kutsika chakummwera, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a maiko awiriwa kwa mtunda wautali, kudutsa pa Lizulu, Mlangeni ndi Biriwiri, pomwe pali chipata cholowera m'dziko la Mozambique. M'malo amenewa munthu akangodumpha msewu ndiye kuti watuluka m'dziko la Malawi. Kummawa kwa bomali kukudutsa msewu wa M5 wopita ku Salima, womwe umayenda moyandikana ndi njanji kudzera ku Bilira, Sharpevale ndi Kasinje. Njanjiyi idafika ku Salima m'chaka cha 1935. Malo a malonda a Kandeu ali pa msewu womwe umalumikiza mbali ya ku boma ndi Kasinje, kotero ali pakati pa misewu ikuluikulu iwiriyi.

Magawo atatu a malo

Munthu wofuna kumvetsa ulimi wa m'boma la Ntcheu ayenera kuyamba wadziwa kuti bomali lili ngati makwerero a masitepe atatu, otsika kuchokera kumadzulo kupita kummawa.

Gawo loyamba ndi la kumapiri a Kirk Range, komwe malo ena ndi okwera kupitirira mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneku kuli madera a zaulimi a Tsangano ndi Njolomole. Kumazizira kwambiri miyezi ya Juni ndi Julayi, mvula imagwa yambiri, ndipo chinyezi chimakhalitsa m'nthaka. Alimi a kumeneku ndi otchuka ndi mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi, nyemba ndi zipatso monga mapichesi. Ku Tsangano ndi amodzi mwa malo ochepa m'dziko muno komwe alimi ang'onoang'ono akhala akulima tirigu.

Gawo lachiwiri ndi lapakati, la zitunda ndi timapiri, komwe kuli Kandeu ndi Nsipe. Kandeu ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 900, ndipo pa chaka amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 kapena kuposerapo pang'ono. Mvulayi ndi yokwanira chimanga ikagwa mwandondomeko, koma kagwedwe kake kamasinthasintha chaka ndi chaka, ndipo ng'amba ya masabata awiri kapena atatu chimanga chikamamasula imatha kuononga ntchito ya dzinja lonse.

Gawo lachitatu ndi la kuchigwa, komwe kuli Sharpevale ndi Bilira m'chigwa cha Bwanje, kuphatikizapo madera otsika a Manjawira chakummwera. Kumeneku kumatentha, mvula imachepa ndipo imasiya msanga. Mbewu zomwe zimachita bwino ndi thonje, mapira, nandolo, khobwe ndi mpunga m'madambo. Kuchigwaku n'komwenso madzi onse ochokera kumtunda amakathera, choncho m'zaka za mvula yambiri minda imakokoloka kapena kukwiririka ndi mchenga.

Tanthauzo la kusiyanaku ndi lakuti m'boma limodzi lomweli, chaka chimodzi chomwecho, mlimi wa ku Tsangano akhoza kudandaula ndi chiwawu cha kachewere kaamba ka chinyezi, pamene mnzake wa ku Bilira akudandaula ndi chimanga chofota ndi dzuwa.

Mitsinje ndi nkhalango

Mitsinje ya m'bomali imachokera m'mapiri a kumadzulo ndipo imagawikana pawiri. Ina monga Livulezi ndi Bwanje imatsikira ku nyanja ya Malawi, pamene ina monga Rivirivi ndi Lisungwi imakathira mu Shire. Zomwe zimachitika m'minda ndi m'nkhalango za ku Ntcheu zimakhudza anthu a kutali, chifukwa dothi lokokoloka lomwe limalowa mu Shire limakasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Nkhalango zotetezedwa za Mvai ndi Dzonzi ndizo gwero la madzi a anthu ambiri. Damu la Mpira, lomwe limasunga madzi ochokera m'nkhalango ya Mvai, lidamangidwa kuti lizipereka madzi a m'mipope, oyenda okha popanda injini, kwa anthu a m'madera ena a Ntcheu, Balaka ndi maboma oyandikana nawo. M'chaka cha 2018 damuli lidaphwa, mipope idauma, ndipo anthu zikwi zambiri adabwerera kukatunga madzi m'zitsime ndi m'mitsinje. Kuchepa kwa mvula kudathandizira, koma kudula mitengo, kuotcha makala ndi kulima m'mbali mwa mitsinje yothira m'damuli kudali kutaononga kale gwero la madziwo.

Anthu ndi mbiri yawo

Anthu ambiri a m'boma la Ntcheu ndi Angoni a kwa Maseko. Makolo awo adachoka kummwera kwa Africa m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, adaoloka Zambezi, adafika mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, kenaka adabwerera n'kudzakhazikika ku phiri la Domwe ndi madera ozungulira. Pangano la malire la pakati pa Britain ndi Portugal la m'chaka cha 1891 lidadula dziko lawo pakati, ndipo ichi n'chifukwa chake mabanja ambiri a ku Ntcheu ali ndi abale ku Angonia ndi ku Tsangano wa ku Mozambique.

Mfumu yaikulu ya Angoniwa ndi Inkosi ya Makhosi Gomani, yomwe likulu lake lili ku Lizulu. Gomani woyamba adaphedwa ndi asilikali a atsamunda m'chaka cha 1896, ndipo manda ake ali ku Nkolimbo, komwe Angoni amasonkhana pa mwambo wa Umhlangano. Inkosi ya Makhosi Gomani yachisanu idalongedwa ufumu m'chaka cha 2012. Pansi pake pali mafumu monga Ganya, Njolomole, Kwataine, Champiti, Makwangwala, Mpando, Chakhumbira, Masasa ndi Phambala.

Ngakhale gule wa ngoma, zibiya, zishango ndi maina a mafuko zidakalipo, chilankhulo cha tsiku ndi tsiku ndi Chichewa. Pa nkhani ya ukwati ndi malo, midzi yambiri imatsata mwambo wa chikamwini womwe Angoniwa adaupeza kwa eni nthaka. Munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo mwamuna amakalima kwawo kwa mkazi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense wogwira ntchito ya chitukuko. Pulogalamu yobzala mitengo kapena yoteteza nthaka yomwe imaitana abambo okha ku misonkhano imakhala itasiya kunja eni minda enieni, komanso mkamwini amene sakudziwa ngati adzakhalitse pamudzipo sachita changu kubzala mtengo womwe phindu lake lidzaoneka patapita zaka khumi.

Chiwerengero cha anthu

Malinga ndi kalembera wa dziko lonse, m'chaka cha 1998 boma la Ntcheu lidali ndi anthu oposa 370,000. Pofika 2008 adapitirira 470,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 659,608. Izi zikutanthauza kuti m'zaka 20 zokha bomali lidaonjezera anthu pafupifupi 290,000. Pakati pa 2008 ndi 2018 chiwerengerochi chidakwera ndi anthu pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, kuposa momwe chidakwerera m'dziko lonse, momwe chidakwera ndi anthu 35 pa 100 aliwonse kufika pa 17,563,749.

Mu 1998 pa sikweya kilomita iliyonse pamakhala anthu oposa pang'ono 100, koma pofika 2018 adali atayandikira 200. Chiwerengero chimenechi chikuphatikiza mapiri, miyala ndi nkhalango zotetezedwa momwe simulimidwa, choncho m'malo olimika anthu ndi othithikana kuposa apa. Anthu okhala m'tauni ya Ntcheu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'midzi, ndipo bomali lilibe mafakitale akuluakulu. Pafupifupi mwana aliyense wobadwa m'bomali amayembekezera kudzagawiridwa kachigawo ka munda wa makolo ake.

Zotsatira zake zikuoneka poyera ku Kandeu. Mabanja ambiri amalima hekitala imodzi kapena kucheperapo. Tsala, lomwe kale linkapumitsa nthaka kwa zaka zingapo, lidatha. Minda yakwera m'mapiri momwe makolo ankangodyetsamo ziweto, ndipo madambo asanduka madimba. Achinyamata ambiri amapita kukafuna maganyu ku Lilongwe, ku Blantyre, m'minda ya ku Mozambique kapena ku South Africa, ndipo ndalama zomwe amatumiza zimathandiza mabanja kugula feteleza ndi malata.

Chaka cha mlimi wa ku Kandeu

Ntchito ya kumunda imayamba mu Ogasiti ndi Sepitembala ndi kusosa ndi kugalauza mizere. Mvula yobzalira imayembekezeka kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndipo imasiya mu Malichi kapena Epulo. Alangizi amalimbikitsa mizere yotalikirana masentimita 75 ndi kubzala njere imodzi ya chimanga pa phando, pa mpata wa masentimita 25, njira yomwe alimi amaitcha Sasakawa.

Gawo lalikulu la munda limapita ku chimanga, chifukwa banja limayesa ulemerero wake poona nkhokwe kapena matumba omwe lasunga. Malo otsala amabzalapo mtedza, soya, nyemba, khobwe, mawere, mbatata ya kholowa ndi maungu. Fodya wa bale, yemwe alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amabweretsa ndalama kwa omwe ali ndi malo ndi zipangizo, koma amafuna mitengo ya zigafa ndi ntchito yambiri. M'chilimwe alimi okhala m'mbali mwa mitsinje amalima tomato, mpiru, anyezi ndi chimanga chachiwisi pothirira ndi makheni kapena mapampu. Ziweto zofala ndi mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, ndipo ng'ombe zili ndi mabanja ochepa.

Nyengo yovuta kwambiri ndi ya Januwale ndi Febuluwale. Chimanga cha chaka chatha chimakhala chitatha m'nyumba zambiri, mtengo wake pamsika uli pamwamba, ndipo iyi ndi nthawi yomweyo yopalira ndi kubandira. Banja lopanda chakudya limasiya munda wake n'kukagwira ganyu m'munda wa wina. Munda wosiyidwawo umalowa tchire, zokolola zimachepa, ndipo njala ya chaka chino imabala njala ya chaka chamawa.

Pamwamba pa izi pali adani a mbewu. Kaufiti amamera kwambiri m'minda yoguga ndipo amayamwa mizu ya chimanga. Mbozi zachilendo za mtundu wa ntchemberezandonda, zomwe zidalowa m'dziko muno m'dzinja la 2016 mpaka 2017, zidakhazikika ndipo zimaoneka chaka chilichonse. Chilala chodza ndi nyengo ya El Niño chidaononga mbewu m'maboma ambiri m'dzinja la 2015 mpaka 2016 komanso la 2023 mpaka 2024.

Nkhani ya nthaka si ya lero

Kukokoloka kwa nthaka m'mapiri a Ntcheu kudadetsa nkhawa boma la atsamunda kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 bomalo lidakhwimitsa malamulo a malimidwe, omwe ankakakamiza alimi kusiya matutu, kulima mizere yopingasa ndi kuunda milambala. Olephera ankalipitsidwa chindapusa, kuzulidwira mbewu kapena kumangidwa. M'chaka cha 1953 Inkosi Gomani yachiwiri, Philip Gomani, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, idauza anthu ake kuti asamvere malamulowo. Atsamunda adaichotsa pa ufumu, ndipo idamwalira mu 1954.

Anthu sankakana kuteteza nthaka, koma ankakana chikakamizo ndi chipongwe chomwe chinkabwera ndi malamulowo. Mizere yopingasa yomwe idali chifukwa chomangira anthu lero ili m'munda uliwonse. Akalozera, ngonyeka, udzu wa vetiva, kutseka zigwembe ndi miyala, manyowa ndi mitengo yobwezeretsa chonde monga msangu ndi gilisidiya ndi zomwe alangizi akuphunzitsa tsopano. Mbiri ya 1953 ikusonyeza kuti njira zoterezi zimakhazikika pokhapokha mlimi ataona yekha phindu lake, komanso mafumu ake atazivomereza.

Feteleza wotsika mtengo, kudzera mu pulogalamu ya sabuside yomwe idayamba mu 2005 ndi ya AIP yomwe idalowa m'malo mwake mu 2020, adathandiza mabanja ambiri kukolola chimanga. Komabe matumba awiri a makilogalamu 50 amakwanira ekala imodzi yokha, si banja lililonse lomwe limalandira, ndipo feteleza wothiridwa m'nthaka yopanda manyowa sabweza mokwanira ndalama yomwe walowetsa.

Mtedza ndi nandolo m'munda umodzi

Kuyambira m'chaka cha 2012 dera la Kandeu lidali limodzi mwa madera anayi momwe pulojekiti ya Africa RISING idachita kafukufuku pamodzi ndi alimi. Madera ena adali Nsipe m'boma lomweli, komanso Linthipe ndi Golomoti m'boma la Dedza. Ntchitoyi idagwiridwa ndi akatswiri a Michigan State University ya ku America, sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR ndi alangizi a boma. Madera anayiwa adasankhidwa kuti aimire malo okwera, apakati ndi otsika, ndipo Kandeu ankaimira malo apakati.

Kafukufukuyu ankachitika m'minda ya alimi eni ake. Pamudzi pamakhala munda umodzi waukulu wachitsanzo wokhala ndi njira zosiyanasiyana, wotchedwa munda wa mayi, ndipo mlimi aliyense ankasankhapo njira imodzi kapena ziwiri n'kukaziyesa pa kamunda kake, kotchedwa mwana.

Njira yomwe idatchuka kwambiri ndi yobzala mbewu ziwiri za mtundu wa nyemba m'munda umodzi, makamaka mtedza ndi nandolo, kenaka chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga. Nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, choncho saphimba mtedza. Mtedza ukakumbidwa mu Epulo kapena Meyi, nandolo amatsala yekha, mizu yake yozama ikukoka chinyezi cha pansi, ndipo amakhwima m'chilimwe. Mbewu ziwirizi zimaonjezera chonde cha nayitirojeni m'nthaka, masamba a nandolo amayoyoka n'kusanduka manyowa, ndipo mitengo yake imakhala nkhuni. Mlimi amakolola kawiri pa malo amodzi, banja limapeza ndiwo ndi nsinjiro, ndipo chimanga cha chaka chotsatira chimachita bwino ndi feteleza wochepa. Unduna wa zamalimidwe udavomereza njirayi m'chaka cha 2016.

Zolepheretsa zake zambiri sizili m'munda koma m'mudzi ndi pamsika. Mwambo wa m'chigawo chapakati ndi womasula mbuzi ndi ng'ombe anthu akangokolola chimanga, nthawi yomwe nandolo akadali wamuwisi. Moto wa osaka mbewa nawo umatentha mapesi ndi masangwi omwe amayenera kukwiriridwa. Kumene mafumu ndi anthu awo adagwirizana malamulo a m'mudzi okhudza ziweto ndi moto, nandolo amapulumuka. Kumene kulibe malamulo otere, mlimi amalimira mbuzi za eni ake.

Misika

Boma la Ntcheu lili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe, woti msewu waukulu wa dziko lino umadutsa pakati pake. Misika ya pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano imadyetsa mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre kachewere, kabichi ndi tomato, ndipo katundu wina wogulitsidwa pamenepo amachokera tsidya la Mozambique. Koma mwayiwu umachepa munthu akamatalikira msewu wa tala. Mlimi wa m'midzi ya mkati mwa Kandeu amagulitsa mtedza ndi soya kwa mavenda omwe amafika ndi masikelo nthawi yokolola, pamene mitengo ili pansi ndipo iye ali ndi ngongole ndi fizi zomudikira. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma kumudzi mtengo weniweni umakhala wa yemwe wabwera ndi ndalama m'manja.

Misika ya kunja nayo imafika mpaka pakhomo pa mlimi. Mu 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, lidachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo, mitengo idagwa kwambiri, ndipo alimi ambiri adagwa mphwayi. Mu 2021 maiko awiriwa adasainirana pangano lolola Malawi kugulitsa matani 50,000 a nandolo pa chaka kwa zaka zisanu. Mtedza nawo umakanidwa m'misika ya mitengo yabwino ukakhala ndi chuku, chomwe chimadza kaamba koumitsa mosasamala kapena kunyowetsa makoko posenda. Makalabu, makopaletivi ndi mabanki a m'khonde amathandiza alimi kusunga mbewu mpaka mitengo itakwera ndi kugulitsa pamodzi.

Kayendetsedwe ka ntchito

Pa nkhani za ulimi, boma la Ntcheu lili pansi pa chigawo cha zaulimi cha Lilongwe ADD, pamodzi ndi maboma a Lilongwe ndi Dedza. Dera lililonse la zaulimi, lomwe alangizi amalitcha EPA, lili ndi mkulu wake ndipo lidagawidwa m'masekishoni momwe mumayenera kukhala mlangizi. Popeza alangizi ndi ochepa poyerekeza ndi mabanja, ntchito yambiri imadutsa mwa alimi otsogola omwe amaphunzitsa anzawo.

Chikhazikitsireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono mu 1998, mapulani a chitukuko amayenera kuyambira m'makomiti a m'midzi a VDC, kudzera ku makomiti a madera a ADC, mpaka ku khonsolo. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, lidatsegula mwayi woti mabanja alembetse minda yawo, ndipo m'dera la chikamwini ngati Kandeu funso la dzina lomwe lilembedwe pa chikalata ndi lofunika kulisamala.

Kwa okonza mapulani, chiwerengero chimodzi cha zokolola za boma lonse chimabisa zambiri kuposa zomwe chimaulula, chifukwa zokolola zabwino za kumapiri zimatha kuphimba njala ya kuchigwa. Mbewu, nthawi yofikitsa zipangizo ndi uphungu woyenera Tsangano si zomwe zikuyenera Kandeu kapena Sharpevale. Ntchito yoteteza nthaka nayo imayenda bwino ikatsata mtsinje kuchokera ku gwero mpaka kuchigwa, osati malire a mudzi, popeza chigwembe choyambira m'munda wa ku Kandeu chimakathera m'munda wa ku Kasinje. Kalembera wotsatira akuyembekezeka m'chaka cha 2028, ndipo adzapeza anthu ochuluka kuposa a 2018 pa masikweya kilomita 3,424 omwewo.